Chardonnay: Vinyo Wachilendo Pambale ya Ndiwo Zotendera

(Nyimbo yotsegulira. Itsike pang'onopang'ono.)

WOULUTSA: Pulogalamu ya zaulimi ndi zakudya ikupereka moni kwa omvera onse: a ku Mkaika kulikulu la Kalonga Gawa Undi, a pa boma la Katete, a ku Sinda m'mbali mwa msewu wa Great East, ndi a ku Vubwi kufupi ndi malire a Malawi. 

Nkhani ya lero ikuyambira pa botolo. Amene anakhalapo pa ukwati wa m'holo ku Chipata kapena ku Lusaka analiona botololi. Limaima pagome la akwati, lobiriwira, la khosi lalitali, ndipo zam'kati mwake zimaoneka ngati madzi othira uchi pang'ono. Papepala lake pamalembedwa mawu opinda lilime akuti Chardonnay, omwe eni ake amawatchula kuti "shadone". Alendo ambiri amangoliyang'ana n'kutenga Fanta, poganiza kuti chakumwa chimenechi chili ndi eni ake. Koma kuseri kwa dzinalo kuli munda, khasu ndi mlimi wodandaula za mvula, ngati mlimi wa nsawa wa kwa Kawaza kapena kwa Mbang'ombe.

(Kanyimbo kakafupi.)

Mawu akuti vinyo si achilendo m'Chichewa. Anachokera ku mawu a Chipwitikizi akuti vinho. Apwitikizi anakhala ku Tete zaka mazana ambiri akuchita malonda ndi anthu a kumpoto kwa Zambezi, kuphatikizapo anthu a Undi, ndipo mu 1798 Mpwitikizi wina, Francisco de Lacerda, ananyamuka ku Tete komweko n'kuloza kwa Kazembe. Pambuyo pake amishoni anadza ndi vinyo wa paguwa, mwakuti Mkhristu wa ku Katete amadziwa nkhani ya ukwati wa ku Kana ngakhale sanaonepo mtengo wa mphesa.

Nanga Chardonnay n'chiyani? Ndi dzina la mtundu wa mphesa, monga momwe Chalimbana lilili dzina la mtundu wa nsawa. Kwawo kwa mphesayi ndi ku Burgundy, chigawo cha kum'mawa kwa France, kumene kulinso kamudzi kotchedwa Chardonnay. Zipatso zake n'zazing'ono, zobiriwira, ndipo zikapsa zimasanduka zachikasu.

Mbiri ya mtundu wake ingaseketse Mchewa. Mu 1999, akatswiri a pa yunivesite ya California ku Davis, pamodzi ndi anzawo a ku France, anayeza chibadwa cha mphesayi n'kupeza makolo ake awiri. Kholo loyamba ndi Pinot, mphesa yolemekezeka ya minda ya olemera. Lachiwiri ndi Gouais blanc, mphesa yonyozeka imene ankalima anthu wamba, ndipo nthawi zina olamulira ankafuna kuti izulidwe. Patapita zaka pafupifupi 10, akatswiri ena a ku Cambridge ku England anafufuza kuti mwa awiriwa mayi ndani. Anapeza kuti mayi ndi Gouais blanc, wonyozeka uja. Kuno kumene mwana amawerengedwa kuchikazi, mlandu ukanatha msanga: Chardonnay, amene lero amamwedwa m'mahotela odula, ndi wa mbumba ya anthu wamba.

(Kanyimbo kakafupi.)

Munthu akamva za vinyo wotchuka amaganiza za minda yosaoneka malire. Ku Burgundy zinthu sizili choncho. Lamulo la m'nthawi ya Napoleon, la mu 1804, linanena kuti chuma cha womwalira chizigawidwa kwa ana onse. Mibadwo itadutsa, minda inaduka tizidutswa, mwakuti alimi ena ali ndi mizere yowerengeka chabe pamunda umodzi. Munda wa Montrachet, umene vinyo wake wa Chardonnay ali m'gulu la odula kwambiri padziko lonse, ndi wa mahekitala pafupifupi 8 okha, koma eni ake ndi oposa 10. Nyakwawa aliyense amene anaweruzapo mlandu wa malire a dimba akhoza kuimvetsa nkhaniyi.

Chimene chimakweza mtengo wa kamunda kotere ndi dothi. Amonke a Chikatolika, makamaka a ku Cîteaux kumene nyumba yawo inakhazikitsidwa mu 1098, anatha zaka mazana akuona kuti mbali iyi ya phiri imabala vinyo wosiyana ndi mbali iyo. Malo aliwonse anapatsidwa dzina ndi malire. Malo otere alipo oposa 1,200, ndipo mu 2015 bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse, bungwe lomwelo limene linalemekeza Gule Wamkulu mu 2005.

Ku Chablis, kumpoto kozizira kwa Burgundy, dothi ndi lanjereza, lodzaza zigoba za nkhono za m'nyanja yakalekale. Vinyo wa kumeneko ndi wowawasa ngati ndimu, wopepuka pakamwa. Ku Meursault, chakum'mwera pang'ono, mphesa yomweyo imatulutsa vinyo wolemera, wonona. Kumalo otentha kwambiri fungo lake limapita ku chinanazi ndi mango. Mlimi wa kuno sangadabwe nazo. Amadziwa kuti mbatata ya pamchenga imatsekemera mosiyana ndi ya pamakande, ndi kuti nsawa za pakatondo sizifanana ndi za m'mbali mwa dambo. Kusiyana kwake n'kwakuti mlimi wa ku Burgundy analemba dzina la dothi lake pabotolo, ndipo ogula amalipira dzinalo.

(Nyimbo. Kenaka woulutsa apitirize.)

Tsopano kapangidwe kake. Amayi odziwa kufulula mowa atchere khutu, chifukwa zambiri azizindikira.

Chimanga sichikhala ndi shuga wokonzeka kale. N'chifukwa chake wofulula amanyika mawere kapena chimanga, n'kudikira kuti zimere, n'kuyanika, n'kusinja chimera. Chimeracho ndicho chimasandutsa phala kukhala lotsekemera, kenaka mowa n'kuyamba kuwira. Mphesa ilibe ntchito yonseyo, popeza shuga amakhala kale m'madzi ake. Chofunika ndi tizamoyo tosaoneka ndi maso totchedwa yisiti, tomwe timadya shuga n'kutulutsa ukali wa mowa ndi mpweya. Thovu limene limatumphuka pambiya ya mowa tsiku lowira ndi mpweya womwewo. Amene anatsimikizira dziko kuti ntchitoyi imagwiridwa ndi tizamoyo anali Louis Pasteur wa ku France, m'zaka za m'ma 1850 ndi 1860, koma mbiya za kuno zinali zikuwira kale iye asanabadwe.

Pamunda waung'ono ntchito yambiri ndi yamanja. Mtengo wa mphesa ukabzalidwa umatha zaka pafupifupi 3 usanapereke zipatso zopangira vinyo, koma ukakhazikika umabala zaka makumi angapo. Mlimi wa thonje kapena soya amabzala mu Disembala n'kugulitsa mu Juni. Wa mphesa amayamba wadya ngongole. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ku South Africa, kumene kumachokera vinyo wambiri wa m'masitolo a m'Zambia, mitengo imaduliridwa m'nyengo yozizira, cha mu Julayi ndi Ogasiti. Kukolola kumachitika cha mu Febuluwale ndi Malichi, pamene kuno anthu akuyamba kulawa chimanga chachiwisi. Okolola amalawirira m'mamawa dzuwa lisanatenthe, chifukwa mphesa yotentha imayamba kuwira isanafike poifinyira. Tsiku lokolola ndilo limasowetsa mwini munda tulo. Akafulumira, vinyo amawawasa. Akachedwa, shuga amachuluka, vinyo n'kukhala waukali koma wozizira kukoma ngati ndiwo zopanda mchere.

Mphesa zikafinyidwa, madzi amapatulidwa msanga ku makoko. Apa wopanga amasankha imodzi mwa njira ziwiri. Yoyamba n'kuwiritsa madziwo m'thanki ya chitsulo chosachita dzimbiri, yoziziritsidwa, ndipo vinyo wake amasunga fungo la chipatso. Yachiwiri n'kuwathira m'migolo ya matabwa a mtengo wotchedwa oak. Mgolo wa ku Burgundy umalowa malita 228, omwe ndi mabotolo pafupifupi 300. M'kati mwake amawambamo ndi moto poupanga, ndipo vinyo akakhalamo miyezi ingapo amatengako kafungo ka utsi ndi ka nsawa zokazinga. Amene anamwapo madzi a mumtsuko watsopano amadziwa kuti chotengera chili ndi kukoma kwake.

Pali chinthu china chimene chimachitika mumgolomo. Tizamoyo tina timasandutsa kuwawasa kwa chipatso chosapsa kukhala kuwawasa kofewa konga kwa chambiko, ndipo vinyo amamveka ngati muli batala ngakhale mulibe. Yisiti ikatha ntchito imatsikira pansi ngati masese. Opanga ambiri saitaya msanga. Amaivundula ndi ndodo nthawi ndi nthawi kuti vinyo anone. Ndipo mdani wamkulu pa zonsezi ndi uve ndi mpweya. Mgolo wosatsuka bwino kapena wosadzaza umasandutsa ntchito ya chaka chonse kukhala viniga, monga momwe mbiya yauve imasasitsira mowa.

(Nyimbo.)

Kwa nthawi yaitali anthu a ku France ankakhulupirira kuti Chardonnay wabwino sangachokere kwina. Pa 24 Meyi 1976, Mngelezi wogulitsa vinyo, Steven Spurrier, anaitana akatswiri 9 a Chifalansa ku Paris kuti alawe vinyo osaona mapepala a pamabotolo. Atawerengera mavoti, vinyo woyera amene anapambana anali Chardonnay wa mu 1973 wa Chateau Montelena, kampani yaing'ono ya ku California. Oweruza ena anachita manyazi, koma alimi a m'mayiko ena analimba mtima.

Ku South Africa vinyo woyamba anafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659 ku Cape, ndipo kwa zaka zambiri minda ya kumeneko inkalimidwa ndi akapolo. Chardonnay anafala mochedwa, m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo alimi ena ankalowetsa mbewu yake mozembetsa pothawa malamulo okhwima a boma. Mmodzi mwa amene anaitchukitsa ndi Danie de Wet wa munda wa De Wetshof ku Robertson.

Lero nkhope za opanga vinyo zikusintha. Ntsiki Biyela anakulira kwa agogo ake aakazi kumudzi wa Mahlabathini ku KwaZulu-Natal, ndipo anagwirapo ntchito ya m'nyumba. Atapeza thandizo la maphunziro, anapita ku yunivesite ya Stellenbosch kukaphunzira za vinyo asanamulaweko n'komwe, ndipo maphunzirowo anali m'Chiafrikaans, chinenero chimene sankachidziwa. Mu 2004 anakhala mayi woyamba wakuda kugwira ntchito yopanga vinyo m'dzikolo. Kenaka anayambitsa kampani yakeyake n'kuitcha Aslina, dzina la agogo ake aja, ndipo pakati pa vinyo wake pali Chardonnay. Mayiyu anayamba alibe munda. Amagula mphesa kwa alimi, iye n'kuikapo luso.

Anyamata anayi a ku Zimbabwe, Tinashe Nyamudoka, Joseph Dhafana, Marlvin Gwese ndi Pardon Taguzu, anapita ku South Africa kukasaka ganyu, monga amachitira achinyamata ambiri a kuno. Anayamba ndi ntchito wamba, koma anadzakhala akatswiri osankhira alendo vinyo m'malesitilanti otchuka a ku Cape. Mu 2017 anakaimira Zimbabwe pa mpikisano wa dziko lonse wolawa vinyo ku Burgundy, ndipo nkhani yawo ili mufilimu yotchedwa Blind Ambition. Nyamudoka anatcha vinyo wake Kumusha, mawu a Chishona otanthauza kumudzi.

(Kanyimbo kakafupi.)

Tsopano pulogalamu yafika kukhitchini. Mabuku a kunja amati Chardonnay amayenda ndi nkhanu za m'nyanja ndi tchizi. Ku Sinda nkhanu zoterozo kulibe, koma mfundo yake imagwira pambale iliyonse: chakudya chopepuka chimafuna vinyo wopepuka, chakudya chonona chimafuna vinyo wolemera.

Chardonnay wa m'thanki, amene papepala pake pamalembedwa unwooded kapena unoaked, amagwira ntchito ya ndimu. Nsomba yaiwisi yokazinga, kaya chambo cha ku Malawi kaya nsomba za m'madamu a alimi, imamukonda. Kapenta wokazinga ndi anyezi nayenso amayenda naye, chifukwa kuwawasa kuja kumatsuka mafuta ndi mchere pakamwa, nthongo yotsatira n'kukoma ngati yoyamba.

Chardonnay wa mumgolo ndiye mnzake wa nsinjiro. Nkhwani wotendera, chitambe chotendera, futali wa mbatata, maungu ophika, chimanga chootcha: zonsezi zili ndi kunona ndi kafungo ka moto komwe kali muvinyoyo. Nkhuku ya kumudzi yophika pamoto wa nkhuni mpaka msuzi kugwira imamulandira bwino. Bowa wa m'dzinja amatero, ngakhalenso inswa zokazinga, zomwe mafuta ake amanunkhira ngati nsawa. Chigawo cha Kum'mawa chimalima nsawa zambiri kuposa zigawo zina za m'Zambia, choncho mayi wa ku Katete ali kale ndi ndiwo zimene wophika wa ku Cape angazivutikire.

Zilipo zimene sagwirizana nazo. Tsabola wa kambuzi amakolezera ukali wa vinyo, pakamwa n'kuyaka moto. Therere la chidulo kapena soda limapha kuwawasa kwake, vinyo n'kumveka ngati madzi a sopo. Nyama ya mbuzi yootcha imamuposa mphamvu, ndipo imafuna vinyo wofiira. Zotsekemera monga keke ya ukwati zimamuwawitsa. Za mbewa mabuku a ku France sananenepo kanthu, mlanduwo watsalira anthu a Kum'mawa.

Vinyoyu amamwedwa wozizira pang'ono, pa madigiri 10 mpaka 13. Wozizira kwambiri amabisa fungo lake. Kumene kulibe firiji, botolo lokulunga m'nsalu yonyowa n'kuikidwa pamthunzi podutsa mphepo, kapena lomizidwa mumtsuko wa madzi, limazizirako ndithu. Likatsegulidwa lisathe masiku oposa awiri kapena atatu.

(Nyimbo.)

Funso limene mlimi aliyense wafika nalo pano ndi lakuti: kodi mphesa imeneyi ingamere ku Katete?

Kumera ingamere, koma vinyo wabwino ndi nkhani ina. Minda yambiri ya vinyo ili m'mayiko amene ali ndi chisanu chenicheni, pamene mtengo umayoyola masamba n'kugona. Ku Cape mvula imagwa m'nyengo yozizira, ndipo mphesa zimapsa kunja kuli gwaa. Kuno mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, nthawi imene mphesa zikanakhala zikupsa. Khungu la Chardonnay ndi lopyapyala ndipo zipatso zake zimathithikana, choncho chinyezi chikalowa, chuku chimagwira tsango lonse.

Komabe oyandikana nawo ayesa. Ku Dodoma m'dziko la Tanzania, kumene mvula ndi yochepa, amishoni a Chikatolika anabweretsa mphesa, ndipo lero alimi ang'onoang'ono amakolola kawiri pachaka n'kugulitsa ku mafakitale a vinyo. Ku Zimbabwe, kufupi ndi Marondera, kuli minda ya vinyo pamalo okwera ndi ozizira.

Chitsanzo chapafupi kwambiri chili ku Lilongwe, ulendo wosakwana makilomita 250 kuchokera pa Katete kudzera pa Mwami. Kumeneko banja la Dr Timothy Ngwira ndi mayi Margaret Ngwira linayamba kupanga vinyo pakhomo, ntchitoyo n'kukula kukhala kampani ya Linga. Iwo sanalimbane ndi mphesa. Vinyo wawo ndi wa jambula, magwafa, mabulosi, mapichesi ndi chidede, zipatso zogula kwa alimi a m'midzi. Njira yake ndi yomwe ija: chipatso chabwino, ziwiya zoyera, yisiti, kuyeza ndi kudikira. Wina akadutsa m'midzi ya Katete ndi Vubwi mu Disembala n'kuona mango ali mbwee pansi, nkhumba zitatopa nawo, angadzifunse kuti chikusowa ndi chipatso kapena luso.

Wofuna kuyesa malonda otere ayambire ku khonsolo, chifukwa lamulo la zamowa la mu 2011 limafuna chiphaso kwa wogulitsa, ndipo chakumwa chogulitsa kwa anthu chiyenera kuyezedwa ndi a zamiyezo.

(Kanyimbo kakafupi.)

Mawu omaliza ndi chenjezo. Vinyoyu amatsika mofewa, koma ukali wake ndi magawo 13 kapena 14 pa 100 alionse, pamene mowa wamba wa m'mabotolo uli ndi magawo 4 kapena 5. Botolo limodzi la mamililita 750 ndi matambula aang'ono asanu, ndipo linapangidwa kuti ligawidwe pa chakudya, osati kuti munthu mmodzi alipapire. Lamulo la Zambia limaletsa kugulitsa mowa kwa wosakwana zaka 18. Mayi woyembekezera asalawe. Woyendetsa galimoto, njinga yamoto kapena njinga yakapalasa pa Great East asalawe. Amene akumwa mankhwala afunse kaye kuchipatala. Anthu akukumbukira tujilijili, timene boma linaletsa mu 2012 titawononga achinyamata ambiri, ndipo botolo lokongola silisintha zimene mowa umachita m'chiwindi. Amene samwa konse, kaya chifukwa cha mpingo kaya mwa kufuna kwawo, thobwa lozizira limayenda ndi nkhwani wotendera popanda vuto.

Loweruka lomaliza la Ogasiti, Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique adzasonkhananso pa Mkaika pa mwambo wa Kulamba, ndipo alendo ena adzafika ndi mabotolo otere m'magalimoto awo. Womvera pulogalamu ino akadzaona limodzi, adzayang'ane zinthu zinayi papepala lake: dzina la mphesa, dera limene inalimidwa, chaka chimene inakololedwa, ndi nambala ya ukali wake.

Sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino, pulogalamu idzakamba za kuyanika ndi kusunga nsawa kuti zisagwidwe chuku.  

(Nyimbo yotsekera.)